Mayi Nangozo, Kholo la Chitsanzo la Ufumu wa Zilibwino

Mu ufumu wa Zilibwino zinthu siziipa. Zikayamba kuipa, Mfumu Ndamvakale Wachitatu imaitanitsa nduna zake ku Mpandowofewa, likulu la dzikolo, n'kuzipatsa zinthuzo dzina lina. Njala kumeneko amaitcha kupumitsa mimba. Mlatho ukakokoloka amati mtsinje wapatsidwa ufulu. Ana amasiye kulibe, kuli ana odziimira paokha. Choncho chaka chimene kudagwa chifuwa chachilendo, sukulu zonse n'kutsekedwa, palibe amene adanena kuti ana aleka kuphunzira. Adati ana akwezedwa, tsopano aziphunzira patali.

Nzeru imeneyi idachokera kwa nduna ya maphunziro, a Mlozapatali, munthu amene sukulu ya pulaimale adaiona komaliza tsiku limene adatulukamo. Adagwada pamaso pa mfumu atakumbatira mapepala ochuluka ngati fodya wa m'chigafa.

"Mwini dziko, ana athu sadzathithikananso m'kalasi ngati matemba m'dengu. Mphunzitsi mmodzi aziyankhula pa wailesi, dziko lonse lizimva."

"Nanga amene alibe wailesi?" idafunsa nduna ya zaulimi, imene idali itangodzidzimuka kutulo.

"Azikamvera kwa anansi."

"Nanga anansiwo akakhala alibe?"

"Ndamva kale," idatero mfumu. Mawu amenewa ndiwo ankatseka bwalo, ndipo onse adaomba m'manja n'kupita kukadya.

Kumudzi wa Dikirani, ulendo wa masiku awiri kuchokera ku likulu mvula ikapanda kugwa, wailesi yamoyo idali imodzi yokha, ya Jekete wotchaja mafoni pamsika. M'mawa uliwonse mphunzitsi wa m'wailesimo ankafunsa ndi mawu okoma, "Zisanu kuphatikiza zitatu, ndi zingati ana inu?" Ankakhala chete pang'ono, kenako n'kufuula, "Mwakhoza nonse! Dziombereni m'manja!" Nthawi imeneyo ana amakhala ali kudambo, akupirikitsa mbalame mumpunga. Omvera adali amayi a pamsika ndi mbuzi ziwiri zodikira makoko a nthochi.

"Mbuzi izi chaka chino zisankhidwa kupita ku sekondale," adatero Nachanza wogulitsa tomato. "Chiyambire sizinalakweko funso n'limodzi lomwe."

Itatha miyezi isanu, chifuwa chija chitayamba kutopa, bwalo lidakhalanso. Lidagamula kuti sukulu zitsegulidwe koma osati kwenikweni: mwana azilowa m'kalasi Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku enawo aziphunzirira kunyumba moyang'aniridwa ndi kholo lake. Chovuta chidali chakuti mfumu izidziwa bwanji kuti makolowo ali ndi chidwi. Nduna zidaganiza masiku atatu, zidadya mbuzi zisanu ndi imodzi, ndipo padabadwa Lamulo la Chidwi cha Makolo.

Lamulolo lidati tsiku lililonse la kunyumba, isanakwane seveni koloko, kholo liziflasha foni ya mphunzitsi. Liziflasha ndi nambala yakeyake yolembetsedwa, osati ya mnansi. Mphunzitsi asayankhe, kuopa kudyera kholo mayunitsi, ndipo asaimbenso, kuopa kusokoneza phunziro. Kuflasha kulikonse kuziwerengedwa ndi makina aakulu a ku Mpandowofewa, otchedwa Samanama. Kholo likadumphitsa masiku asanu, mwana wake afufutidwe m'kaundula ngati wothawa sukulu, ndipo wofufutidwa salembedwanso.

"Kuflasha n'kwaulere," adafotokoza a Mlozapatali pa wailesi, "ndipo ndi luso lokhalo limene mtundu wathu wonse udalidziwa popanda kuphunzitsidwa."

A Yotamu Kaphwiti, mphunzitsi wa Sitandade 4 pa sukulu ya Dikirani, adali ndi ana 93. Makolo a anawo, onse pamodzi, mafoni adali nawo asanu ndi awiri. Koma anthu a ku Zilibwino lamulo salitsutsa, amangolilambalala ngati chithaphwi. Kholo lililonse lidapeza simu, kulembetsa, n'kukaisiya kwa Jekete. Iye ankazisunga m'mabokosi atatu a machesi. Kukacha ankakwera mumtengo wa mango wa kuseri kwa msika, mpaka pa nthambi yachitatu pamene netiweki imadutsa, n'kumalowetsa simu, kuflasha, kutulutsa, kulowetsa ina. Foni ya a Kaphwiti inkanjenjemera patebulo ngati yagwidwa malungo.

"Makolo a ana anu ndi awa, aphunzitsi," ankatero Jekete akugwedeza mabokosi a machesiwo. "Onse ali ndi chidwi. Mmodzi yekha ndiye anagwa mumtengo dzulo, nkhuku n'kumumeza."

Kale makolo ankabwera kusukulu kudzakalipa kuti mwana wamenyedwa, kapena kudzafunsa chifukwa chake sadziwa kulemba dzina lake. A Kaphwiti ankadana nawo masiku amenewo, koma tsopano adayamba kuwasowa. Chilowereni makolo m'mabokosi a machesi, padalibenso wobwera kudzafunsa kanthu.

Koma padali nambala imodzi imene sinkachokera mumtengo wa mango. Inkalowa yoyamba, kunja kukungoyera, Jekete asanasukusule n'komwe. Pa foni pankatuluka mawu akuti "Mayi a Sigele". A Kaphwiti akaona dzinalo ankagoneka foniyo chafufumimba, n'kukhala kaye pansi.

Mayi a Sigele, amene dzina lawo lidali Nangozo, adali atamwalira masabata atatu m'mbuyomo. A Kaphwiti adali m'gulu la anthu khumi amene adaloledwa kufika kumanda, ndipo dothi adaponya ndi dzanja lawo. Bambo a Sigele adapita kumigodi mwanayo akukwawa, osabweranso. Sigele adali msungwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wowerenga chala chili pamzere, ndipo chalacho sankachichotsa mpaka mawuwo atagonja. Tsopano ankagona kwa mayi ake aang'ono. Lachiwiri ndi Lachinayi ankabwera m'kalasi n'kukhala pafupi ndi zenera. Za foni sadanenepo kanthu, aphunzitsi nawonso sadafunse. Lamulo lija a Kaphwiti adali ataliwerenga kawiri konse, kutsogolo ndi kuseri komwe. Kuti mwana asinthe kholo m'kaundula, kholo lakale liyenera kubwera lokha kudzasayina kuti lavomera.

Lachitatu lina kudafika a Gwirize, malume ake a Sigele, kalipentala wa kutauni, kudzakonza za kumeta maliro. A Kaphwiti adakumana nawo pamsika, nawatengera pambali.

"Loweruka timeta, tigawe katundu wa malemu, mzimu upume," adatero a Gwirize. "Foni nditenga ine. Simu tithyola."

"Malume a mwana, foni tengani, koma simuyo bwanji muisiye? Ikathyoka, pakutha masiku asanu mwanayu afufutidwa. Sukulu yathera pompo."

"Aphunzitsi, inu munaphunzira, koma zina simuzidziwa. Nambala ya munthu wakufa siyenda pamudzi. Sabata yatha mwanayu anadina molakwika n'kuimbira mkazi wanga. Mkazi wanga kungoona dzina la mlamu wake likuthwanima, foni yake anaiponya m'ndowa ya madzi. Mpaka lero salowa m'nyumba yekha. Mufuna atimalize tonse? Wapita wapita."

"Nanga sukulu?"

"Sukulu yake iti? Ya mbuzi ija?"

A Kaphwiti adavomereza mumtima kuti funsolo lidali labwino.

Masana omwewo mthenga wa njinga yamoto adabweretsa kalata ya chidindo chofiira. Samanama adali atasefa makolo onse a m'dziko, napeza mmodzi amene sadadumphitsepo tsiku, sadachedwepo, ndipo m'masabata atatu apitawo chidwi chake chidachita kusefukira, mpaka kumaflasha Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Mayi Nangozo a ku Dikirani adasankhidwa kukhala Kholo la Chitsanzo la Ufumu Wonse. Nduna ibwera yokha Lachisanu kudzawapatsa mphotho. Mphunzitsi aonetsetse kuti mayiwo asamba ndi kuvala bwino.

Masiku awiri amenewo a Kaphwiti adawathera kusankha bodza ngati munthu wosankha malaya pa kaunjika. Ati mayiwo adwala? Nduna inena kuti tiyeni tikawazonde. Ati apita kuchigayo? Atumiza galimoto. Lachisanu lidawapeza asanasankhe.

Galimoto zidafika khumi ndi ziwiri. Ana adawaimika padzuwa motalikirana mita imodzi, monga mwa malamulo a chifuwa, pamene nduna ndi gulu lake adathithikana pansi pa tenti. A Mlozapatali adatsitsira chotchinga pakamwa m'khosi, nagwira chokuzira mawu.

"Anthu a ku Dikirani! Kale mwana ankayenda mtunda wautali kufunafuna nzeru. Lero, mwa chifundo cha mwini dziko, nzeru ikumupeza pakhomo!"

"Imafika iye atapita kudambo," adanong'ona Nachanza.

"Mayiko akunja akutisirira! Mu ufumu uno, mwa makolo 100 alionse, makolo 104 ali ndi chidwi!"

Jekete adayang'ana pansi. Masiku ena, mutu ukazungulira mumtengo muja, bokosi limodzi ankalibwereza.

Nduna idayankhula maola awiri. Idathokoza mfumu chifukwa cha wailesi, chifukwa cha mphepo yonyamula mawu a wailesi, ndi chifukwa cha makutu. Ana awiri adakomoka, mlembi nalemba kuti agwidwa ndi chimwemwe. Pamapeto pake ng'oma zidalira.

"Mayi Nangozo abwere kutsogolo!"

Padalibe wosuntha. Nduna idaitananso kachiwiri, kachitatu. A Kaphwiti adali atatsegula kale pakamwa kuti anene za kuchigayo, koma maso awo adagwera pamzere wa ana. Sigele adali kuwayang'ana. Sakadatha kutumiza mayi a mwanayo kuchigayo iye akuona. Adayenda mpaka patsogolo pa tenti nagwada.

"Bwana nduna, Mayi Nangozo anatisiya. Tinawaika m'manda masabata atatu apitawo."

Nduna idatembenukira kwa mlembi, amene adali ndi kompyuta pamiyendo. "Aflasha liti komaliza?"

"Lero lomwe, bwana, faifi koloko itangodutsa."

"Mwamva, mphunzitsi? Wakufa amaflasha?"

"Bwana, ndinaponya nawo dothi."

"Ndi chiyani?"

"Ndi dzanja, bwana."

"Dzanja! Dzanja limalakwa, n'chifukwa chake pensulo ili ndi chofufutira. Samanama tinamugula kunja."

Thukuta lidali likutsikira m'kolala ya nduna, ndipo a Kaphwiti adamvetsa. Dzina la Nangozo lidali litalengezedwa kale pa wailesi. Mfumu idali itamva kale, ndipo chimene mfumu yamva kale sichimvedwanso kachiwiri.

Apo a Gwirize adaimirira, chipewa m'manja. "Pepani bwana, malemuwo ndi mlongo wanga. Bokosi ndinakhoma ndine."

"Wati chiyani? Unakhomera m'bokosi Kholo la Chitsanzo? Munthu woti chithunzi chake chikudikiridwa kunyumba ya mfumu? Asilikali, mwamumva?"

A Gwirize adayang'ana asilikaliwo, kenako zibonga zawo, kenako nsapato zawo.

"Linali bokosi la zovala, bwana. Mlongo wanga ali bwino. Dzulo lomweli timacheza."

"Basitu! Mlembi, lembani: Mayi Nangozo ali moyo, ndipo alephera kufika chifukwa chotanganidwa ndi maphunziro a mwana wawo. Ameneyo ndiye kholo!"

A Kaphwiti adali chigwadire. Nzeru yowawa idawafikira. Adaimeza kamodzi, idabweranso.

"Bwana, ndifunseko, kuti ndikaphunzitse ana zolondola. Katundu wa munthu wamoyo, monga foni ndi simu yake, abale angagawane?"

"Kumeneko ndi kuba! Zaka zisanu, ndi ntchito yakalavulagaga." Nduna idakondwa kuti yapeza funso loti ikudziwa yankho lake, ndipo idapitiriza osafunsidwa. "Ndipo ndimve kuti wina wameta, kapena walira! Kulira munthu wamoyo ndi malodza, ndipo malodza mu ufumu uno tinawathetsa chaka chatha."

Zomalizazi a Kaphwiti sadazipemphe. Zidangobwera ngati munga wa nsomba.

Mlembi adalemba chikalata, ndipo padafunika mboni yowadziwa bwino mayiwo. Maso onse adapita kwa mphunzitsi. Cholembera chimene adali nacho m'thumba chidali chofiira, chochongera ntchito za ana. Adasayina ndi chomwecho.

Mphotho idali satifiketi ndi chitenje chokhala ndi nkhope za mfumu zisanu ndi zitatu. Nduna idafunsa kuti mwana wa mayiwo ali kuti, ndipo Sigele adatuluka pamzere.

"Kawapatse mayi ako. Ukawauze kuti mwini dziko wakondwa, asafooke."

Sigele adagwada, nalandira ndi manja awiri.

Fumbi la galimoto lisanakhazikike, msika udali utayamba kale.

"Iwe Jekete," adaitana Nachanza, "amuna anga aja anafa zaka zinayi zapitazo, koma simu yawo ndikadali nayo m'kachikwama. Takawaflashitsa, adzuke adzafolere nyumba."

"Asiyeni agone, mayi. Akadzuka ayambiranso kachasu."

"Komatu dziko lino ndi labwino," adatero wina wogulitsa mafuta. "Kwina munthu akafa amadikira lipenga. Kuno ndi nthambi yachitatu basi."

A Gwirize sadaseke nawo. Adadutsa pafupi ndi a Kaphwiti, nayankhula osawayang'ana.

"Mwapambana, aphunzitsi. Koma mzimu wa mlongo wanga ukasowa pogona, ndiulozera kwanu."

Maso awo adali ofiira. A Kaphwiti adakumbukira kuti munthuyu adakhomadi bokosi la mlongo wake, ndi manja ake, ndipo lero walikana pagulu. Adafuna kunena pepani, koma a Gwirize adali atapita.

A Kaphwiti atafunafuna Sigele, adamuona akulowa kanjira ka kumadimba, chitenje chili m'khwapa. Kumeneko sikudali kwa mayi ake aang'ono. Adamutsatira chapatali. Kanjirako kadadutsa madimba, kukwera kamtunda, mpaka kunkhalango ya manda, malo okhawo m'mudzi wonse amene nkhwangwa idawaopa. Ana salowa kumanda, ndipo Sigele sadalowe. Adakwera pachulu chachikulu cha m'mphepete mwa nkhalangoyo nakhala pansi. Kuchokera pamwamba pake, pakati pa mitengo, pankaoneka mtumbira wa dothi lofiira, nkhata zake zitauma.

"Iwe Sigele, ukutani kuno?"

"Ndimabwera kuno m'mawa, aphunzitsi. Sindilowa ayi. Ndimangoima pano kuti andione kuti ndadzuka." Adatulutsa foni m'thumba la diresi, kafoni kosweka galasi, komanga ndi mphira. "Ndiye pano pamagwira mizere itatu ya netiweki. Kwa a Jekete ndi umodzi."

"Anakuuza ndani kuti uziflasha?"

"Amayi. Ali pamphasa paja. Anati usadumphitse tsiku, angakufufute."

Adatambasula satifiketi ija pamaondo, naika chala pamzere woyamba. Milomo yake inkayenda pang'onopang'ono. Adawerenga dzina la mfumu, dzina la mayi ake, mpaka pansi pamene padali chidindo.

"Aphunzitsi, anduna aja ati amayi ali moyo."

"Atero."

"Inunso mwasayina."

"Ndasayina. Foni ikhala ndi iwe. Dzina lako silifufutidwa."



"Ndiye pa mayeso akadzafunsa, ndidzalembe ziti?"

"Udzalembe za andunazo."

Mwanayo adagwedeza mutu ngati wapatsidwa samu yosavuta. Kenako adayang'ana kumitengo kuja.

"Nanga kulira? Amayi aang'ono anati ndisalire pakhomo, ndikudzutsa khanda. Anati ndidikire tsiku lometa, ndidzamalizire pomwepo. Ndiye ndakhala ndikusunga. Tsopano ati kumeta kulibe."

A Kaphwiti adaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Adafunsidwapo chifukwa chake mwezi umatsatira munthu, ndi kumene mphepo imagona, ndipo mwana aliyense ankabwerera ndi kena kake.  Lero adangokwera pachulupo, nakhala pambali pa mwanayo, buluku lawo la pamwambo lili pa dothi.

"Uzilira masiku a kunyumba," adatero. "Pano pomwe. Samanama alibe makutu. Koma uziyamba waflasha."

Sigele adawerenga masiku ndi zala.

"Lero ndi Lachisanu, aphunzitsi. Ndipo ndaflasha kale."

"Ndiye bweretsa nsaluyo ndikugwirire, mwana wanga. Yamba."